Satifiketi yatha ndipo certbot ikukana, koma pa foni tsamba likutseguka bwinobwino

Mphukira analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni, ndathedwa nzeru.

Ndimasamalira webusaiti ya kabungwe kena kakang'ono, ntchito yongodzipereka. Miyezi iwiri yapitayo ndinaisamutsa kuchoka pa seva yakale, imene anaikhazikitsa mnzanga wina asanachoke m'bungwemo, kupita pa VPS (seva yobwereka pa intaneti) yatsopano ya Ubuntu yokhala ndi nginx, pulogalamu yoperekera masamba. Posamukapo ndinakopera zonse: mafayilo, database, ngakhale foda yonse ya /etc/letsencrypt, kuti satifiketi ya HTTPS, imene imauza browser kuti tsamba ndi lotetezeka, isadukize. Rekodi ya A ya mu DNS, imene imalumikiza dzina la domain ndi adiresi ya seva, ndinaisintha kuti iloze ku adiresi yatsopano, ndipo madzulo a tsiku lomwelo tsamba linayamba kutseguka kuchokera pa seva yatsopanoyo. Ndinagona tulo tabwino.

Lolemba m'mawa mlembi wa bungwe anandiimbira kuti kompyuta ya mu ofesi ikuonetsa chenjezo lija loti tsambali si lotetezeka, m'munsi mwake muli NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Satifiketi inatha Lamlungu usiku. Timer ya certbot, pulogalamu imene imakatenga satifiketi yatsopano ku bungwe lopereka masatifiketi la Let's Encrypt, ikuyendadi kawiri patsiku monga mwa nthawi zonse, koma nditatsegula /var/log/letsencrypt ndapeza kuti yakhala ikulephera mwakachetechete kwa mwezi wathunthu. Imelo yondichenjeza sindinalandirepo ndi imodzi yomwe.

Ndikayesa pamanja ikundipatsa izi. Dzina la domain ndi maadiresi ndasintha, zina zonse ndi momwe zilili:

Domain: example.com
Type: unauthorized
Detail: 2001:db8:4f::17: Invalid response from http://example.com/.well-known/acme-challenge/Zk3q...: 404

Ku www.example.com uthenga ndi womwewo.

Ndinaika kafayilo koyesera mu foda ya acme-challenge, ndipo pa laputopu yanga kakutseguka popanda vuto. Port 80 ndi yotsegula. nginx ndaiyambitsanso kangapo, certbot ndaichotsa n'kuiikanso. Dzulo usiku ndinayesa mobwerezabwereza mpaka uthenga unasintha, n'kuyamba kunena kuti "too many failed authorizations recently".

Chimene chandizunguza mutu kwambiri ndi ichi: pa foni ya mkazi wanga, akamagwiritsa ntchito data osati Wi-Fi, tsamba likutseguka bwinobwino, popanda chenjezo, ndipo satifiketi yake ikuoneka kuti yangotuluka pafupifupi milungu isanu yapitayo. Satifiketi imeneyoyo pa seva yanga palibe! Ndaifufuza paliponse. Kodi foni ikuitenga kuti?

Wamkulu_Tux analemba:

Achimwene, choyamba manja pansi. Let's Encrypt imalola kulephera kasanu pa ola pa dzina limodzi, pa akaunti imodzi. Mukapyola pamenepo imakutsekerani kaye, ndipo n'zimene munaziona dzulo. Poyesa muzigwiritsa ntchito certbot renew --dry-run. Imeneyo imapita ku seva yawo yoyeserera, imene malire ake ndi otakasuka, ndipo siikudyerani mwayi wanu weniweni.

Za imelo musadabwe. Let's Encrypt inasiya kutumiza maimelo ochenjeza kuti satifiketi yatsala pang'ono kutha mu Juni 2025. Ambirife tinkatsamira pa imelo imeneyo osadziwa n'komwe kuti tikutsamirapo.

Ine ndikukayikira rekodi ya CAA, imene imatchula mabungwe ololedwa kupereka satifiketi ya domain yanu. Kuyambira mu Seputembala 2017, mabungwe onse opereka masatifiketi amayenera kuyang'ana rekodi imeneyi asanapereke kalikonse, ndipo ngati ikutchula bungwe lina osati letsencrypt.org, amakana. Makampani ena a hosting amaiika okha osakuuzani. Yesani kufunsa DNS ndi dig example.com CAA muone. Za foni ya mayi kunyumbako mwina ndi cache chabe.

Nangozo analemba:

Akulu a Tux, pa malire a kasanu pa ola ndi pa imelo mwalasa, koma pa CAA ndikusiyana nanu pang'ono. Ikanakhala CAA, uthenga ukananena mosabisa kuti CAA yaletsa. Apa uthenga ukuti 404. Ndiye kuti panali seva imene inalandira mlendo, n'kumuyankha kuti fayilo imene ukufunayo kuno kulibe. Funso n'lakuti seva yake iti.

A Mphukira, yankho munalimata nokha mu uthenga wanu. Werenganinso mzere wa Detail, koma pang'onopang'ono. Adiresi imene ili koyambirirako ili ndi zilembo ndi timadontho tiwiritiwiri, osati manambala anayi olekanitsidwa ndi kadontho kamodzi. Imeneyo ndi adiresi ya IPv6. Inu mwanena kuti munasintha rekodi ya A, imene imasunga adiresi ya IPv4 yokha. Ya IPv6 imakhala mu rekodi ina yapadera, ya AAAA, ndipo simunaitchule n'komwe. Ndikukhulupirira kuti idakaloza ku seva yakale ija.

Zimayenda motere. Certbot ikapempha satifiketi kudzera mu njira ya HTTP-01, imaika kafayilo pa seva yanu, kenaka Let's Encrypt imabwera kuchokera kunja kudzakawerenga pa port 80. Njira yofikira pa seva yanuyo imaifunsa ku DNS. Ikapeza A ndi AAAA zonse ziwiri, imayamba ndi IPv6. Kukanakhala kuti ku IPv6 kuli zii, kulumikizana n'kulephera, ikanatembenukira ku IPv4 ndipo inu simukanadziwa kuti pali vuto. Koma kwa inu kuli seva yamoyo imene ikuyankha mwaulemu kuti 404, choncho palibe chifukwa choyeseranso kwina. Kafayilo kali pa seva yatsopano, wodzakawerenga akugogoda pa yakale.

Laputopu yanu ikukaona kafayilo koyeserako chifukwa netiweki imene muli ilibe IPv6, ndiye imatsata A. Kompyuta ya mlembi chimodzimodzi. Foni ya akazi anu ikakhala pa data ili ndi IPv6, ndipo ikupita ku seva yakale. Apa ndi pamene nkhani yanu yandikomera: seva yakaleyo, ngati simunaizimitse, certbot yake idakayenda, ndipo popeza Let's Encrypt ikufikira kwa iyoyo, ikupambana mayeso nthawi zonse. Satifiketi ya milungu isanu imene mukuisakasakayo ili kumeneko. Si cache ayi.

Musandikhulupirire chabe, onani nokha:

dig +short example.com A
dig +short example.com AAAA
dig +short www.example.com AAAA

Ndipo pa makina alionse amene ali ndi IPv6, yerekezani curl -4 -I http://example.com ndi curl -6 -I http://example.com. Mukaona mayankho awiri osiyana, nkhani yatha. Mukafuna kuona satifiketi imene seva iliyonse ikupereka, openssl s_client -connect ndi adiresi yake pa port 443, kuonjezapo -servername example.com, idzakuonetsani. Musaiwale -servername, apo ayi seva ingakupatseni satifiketi ya tsamba lina limene lili pamenepo n'kukusokonezaninso.

Kafunso kamodzi kokha: m'miyezi iwiriyi palibe amene anadandaulapo kuti akuona nkhani zakale pa tsambali?

Mphukira analemba:

Achemwali a Nangozo, funso lanu lomalizalo landichititsa manyazi. Analipo. Msungichuma anandiuza kawiri konse kuti chilengezo cha msonkhano chimene ndinaika sakuchiona pa foni yake. Ndinamuuza kuti afufute cache. Ulendo wachiwiri ndinamuuza zomwezo, ndili ndi kamtima kena koti munthuyu foni yake saidziwa bwino.

dig yatsimikiza zonse. A ikupereka 203.0.113.25, seva yatsopano. AAAA ikupereka adiresi yomwe ija ili mu uthenga wa certbot. CAA palibe, akulu a Tux, yabwera yopanda kanthu. Seva yakale idakayaka chifukwa bungwe linalipiriratu chaka chonse, ndipo ndinaisiya dala kuti ndikalakwitsa ndikhale ndi kobwerera.

Koma tsopano ndagwiranso njakata ina. Ndalowa mu panel ya kampani imene tinalembetsako domain kuti ndichotse AAAA imeneyo, ndipo mulibe! Muli A imene ndinasintha ija, muli CNAME ya www (rekodi yolozetsa dzina ku dzina lina), basi. Ndayang'ana tsamba lonse mpaka pansi. Ndinayesa kuikamo AAAA yatsopano yoloza ku IPv6 ya VPS yanga, ndadikira maola anayi, koma dig idakapereka yakale. Ndafunsa 8.8.8.8, ndafunsanso 1.1.1.1, onse akuimba nyimbo imodzi. Kodi ndiye propagation imene amanena ija? Ndidikire maola 48?

Nangozo analemba:

Musadikire. Mawu akuti propagation amabisa zolakwa zambiri, chifukwa munthu amakhala pansi masiku awiri kudikira chinthu chimene sichili m'njira n'komwe. DNS siikankha zosintha kupita kwa anthu. Chimene chimachitika n'chakuti ma resolver (ma seva amene amatifunsira ku DNS) ngati 8.8.8.8 amasunga yankho lakale mpaka TTL yake, nthawi imene limaloledwa kusungidwa, itatha, kenaka amakafunsanso kwa eni ake. Ndiye musafunse 8.8.8.8, funsani eni akewo:

dig +short example.com NS

Mayina amene atuluke pamenepo ndiwo ma name server amene dziko lonse limawamvera pa domain yanu. Tengani limodzi mulifunse maso ndi maso, dig @dzinalo example.com AAAA. Ngati kumeneko kuli kale adiresi yatsopano, ndiye kudikira kuli ndi phindu. Ngati kudakali yakale, ngakhale mudikire mpaka chaka chamawa palibe chisinthe.

Ndikuganiza kuti mupeza kuti mayinawo si a kampani imene munalembetsako domain. Makampani ambiri olembetsa amakupatsani panel ya DNS imene imalandira chilichonse chimene mwalemba, n'kukuuzani kuti zasungidwa, pamene NS ikuloza kwina ndipo zolembazo palibe amene amaziwerenga.

Mphukira analemba:

Ndangoti kukamwa yasa. NS ikuloza ku kampani ya seva yakale.

Ndinadzifunsa kuti nanga A inasintha bwanji tsiku lija, ngati panel yanga ndi yakufa? Ndamuimbira mnzanga uja, ndipo waseka mpaka kutsokomola. Akuti tsiku losamukalo ndinamutumizira adiresi yatsopano pa WhatsApp pomudziwitsa chabe, iye n'kuganiza kuti ndikumupempha, n'kulowa mu panel ya kampani yakale n'kusintha A. Ineyo nthawi yomweyo ndinkasintha mu panel inayo. Tsamba litatseguka, aliyense anadziyamikira payekha. AAAA akuti sanaiganizire, chifukwa sanaiike ndi iye, inabwera yokha pamene ankatsegula akaunti.

Wandipatsa pasiwedi ya panel yeniyeniyo. Koma ndikuganiza zongosintha NS kuti iloze ku kampani yolembetsa, zonse zikhale malo amodzi, popeza seva yakaleyo ikutha miyezi ikubwerayi ndipo DNS yake ipita nayo. Pali choopsa?

Kadzidzi analemba:

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndiye ndilowererepo, chifukwa dzenje limene mukufuna kulumphalo ine ndinagweramo ndi miyendo yonse.

Kusamutsa NS n'koyenera ndithu, DNS isamakhale pa akaunti imene ikufa. Koma osati lero, satifiketi ili yakutha, mlembi akukuimbirani. Lero konzani chinthu chimodzi mu panel yeniyeniyo, satifiketi ituluke. Kusamuka mukuchite mtima uli m'malo.

Chifukwa chake ndi ichi. Mwanena nokha kuti mu panel ya kampani yolembetsa muli A ndi CNAME basi. Nanga MX, yolozera kumene maimelo amapita? Bungwe lanu likulandira maimelo pa domain imeneyi? Mukatembenuza NS lero, maimelo aima lero lomwe. Marekodi a TXT a SPF ndi DKIM nawonso ayenera kukopedwa limodzilimodzi, apo ayi makalata anu ayamba kugwera mu spam kwa anthu. Ndipo polemba CNAME kapena MX samalani ndi kadontho kakumapeto. Mapanel ena mukalemba mail.example.com popanda kadontho amaonjezera okha dzina la domain, n'kukhala mail.example.com.example.com, pamene ena amakana mukakaika. Mukasunga, funsani ndi dig muone chimene chasungidwadi.

Koma chimene chinandigwetsa ine ndi DNSSEC, njira yosainira mayankho a DNS kuti asapekedwe. Ndinasamutsa domain ya kasitomala kuchoka ku ma name server amene ankasaina zone kupita ku ena amene sankasaina. Marekodi onse ndinakopera bwinobwino, ndinachita kuwawerenga kawiri. Chimene sindinadziwe n'chakuti ku kampani yolembetsa kunatsala rekodi ya DS, imene imauza dziko kuti mayankho a domain imeneyi ayenera kukhala osainidwa ndi kiyi yakutiyakuti. Kiyiyo inatsala ku ma name server akale. Resolver iliyonse imene imatsimikiza DNSSEC inayamba kukana mayankho onse n'kumangoti SERVFAIL. Pa kompyuta yanga tsamba linkatseguka, chifukwa resolver ya netiweki yanga siinkatsimikiza kanthu. Certbot inkalephera ndi uthenga wa SERVFAIL pofufuza CAA, ndipo ndinataya usiku wonse ndikusakasaka rekodi ya CAA imene kunalibe. Vuto silinali CAA, kungoti Let's Encrypt imatsimikiza DNSSEC, ndipo ikalephera kupeza yankho lomveka pa funso la CAA siipereka satifiketi. Kusakhalapo kwa CAA si mlandu. Kulephera kuyankha ndiye mlandu.

Chinandipulumutsa ndi kuyerekeza mayankho awiri: dig @8.8.8.8 example.com inkati SERVFAIL, koma nditaonjezapo +cd, imene imauza resolver kuti isatsimikize siginecha, yankho linabwera. Mukaona zimenezo dziwani kuti ndi DNSSEC. Pa tsamba la DNSViz mungaonenso chithunzi cha pamene unyolo wadukira.

Ndiye musanakhudze NS, chitani dig example.com DS. Ikabwera yopanda kanthu, mwapulumuka. Ikabwera ndi rekodi, ichotseni ku kampani yolembetsa, mudikire TTL yake ithe, kenaka musamuke.

Wamkulu_Tux analemba:

Ndavomera, pa CAA ndinaponya mwala kutali. Ndinathamangira zimene zinandichitikirapo ine m'malo mowerenga uthenga wa munthu.

Ndingoonjezapo kamodzi pa AAAA. Muli ndi njira ziwiri, kuichotsa kapena kuilozetsa ku VPS yatsopano. Yachiwiriyo ndi yabwino, koma pokhapokha nginx ikumvetsera pa IPv6. Mu server block muyenera kukhala listen [::]:80 ndi listen [::]:443 ssl, osati listen 80 yokha, ndipo firewall ikhale yotsegula mbali zonse ziwiri. Ndaonapo anthu akuika AAAA yolondola, koma mzere wa [::] uli mu default block yokha. Alendo a IPv6 amafikira pa tsamba la "Welcome to nginx", ndipo 404 yomwe ija imabweranso, ulendo uno kuchokera pa seva yawo yomwe. Ngati simunatsimikize, ichotseni kaye AAAA, mudzaibwezeretse mutayesa ndi curl -6.

Wina angakuuzeni kuti mungothawira ku DNS-01, yoika rekodi ya TXT pa _acme-challenge, chifukwa imeneyo siyang'ana A kapena AAAA. Satifiketi ikanatulukadi, koma theka la alendo anu likanapitirira kupita ku seva yakale. Ndipo ndi panel yakufa ija, TXT yanuyo ikanathera momwemo. DNS-01 isungireni tsiku limene mudzafune wildcard, satifiketi imodzi ya *.example.com, chifukwa pamenepo ndiye HTTP-01 siigwira ntchito.

Mphukira analemba:

Zatheka, akuluakulu.

Mu panel yeniyeniyo munali AAAA ziwiri, ina ya example.com, ina ya www. Kumeneko www si CNAME ngati mu panel yakufa ija, ili ndi A ndi AAAA zakezake. Ndikanachotsa imodzi yokha certbot ikanakanabe, popeza satifiketi yanga ili ndi mayina onse awiri ndipo limodzi likalephera yonse imagwa. Ndachotsa zonse ziwiri. Ndinafunsa ma name server awiriwo payekhapayekha monga ananenera achemwali a Nangozo. Woyamba anasintha pompopompo, wachiwiri anatsalira kwa mphindi zingapo, ndipo ndinadziletsa osayesa mpaka onse atagwirizana. --dry-run inadutsa, kenaka yeniyeni inadutsanso. Masiku 90 atsopano. Mlembi watsimikiza kuti chenjezo lachoka.

nginx yanga inalibedi mzere wa [::], akulu a Tux, ndiye mukanapanda kunena ndikanadzitchera msampha wina. Ndauika, ndipo AAAA ndiibwezeretsa Loweruka ndikayesa bwino. DS ndayang'ana, palibe. MX ilipo, ndi ma TXT atatu amene sindinkawadziwa. NS sindinaikhudze.

Foni ya mkazi wanga inapitirirabe kuona seva yakale mpaka madzulo, TTL inali 14400, maola anayi. Tsopano nayonso ikuona chilengezo cha msonkhano chija. Msungichuma ndamuimbira kumupepesa. Anangoti "ndinakuuzani", n'kudula.

Chatsala ndi ichi. Ndisanazimitse seva yakale ndinati ndisuzumire mu database yake, ndipo ndapezamo mauthenga 37 a pa fomu yolumikizirana nafe, onse a m'miyezi iwiriyi, ochokera kwa anthu amene ankalowa pa foni. Palibe ndi umodzi womwe umene unayankhidwa. Anthu anayi analembetsanso umembala kumeneko, ndipo manambala awo a ID akufanana ndi a anthu ena amene analembetsa pa seva yatsopano. Alipo amene anaphatikizapo ma table awiri a MySQL otere popanda kuphwanya ma foreign key? Kapena anayiwo ndingowalemba pamanja?

Kadzidzi analemba:

Anthu anayi? Alembeni pamanja, achimwene, muwapatse ma ID atsopano. Script yake ingakutengereni nthawi yaitali kuposa kulembako. Koma yambani mwatenga mysqldump ya seva yakaleyo muisunge pambali, ndipo muimitse timer ya certbot kumeneko. Munakopera foda yonse, ndiye ma seva awiriwo ali pa akaunti imodzi ya Let's Encrypt. Tsopano ndi yakaleyo imene iziyamba kulephera nthawi yake ikakwana, ndipo kulephera kwake kuziwerengedwa pa malire anu omwewo a kasanu pa ola.